GPS ya mathiraki: ndayenda nayo miyezi 14, zabwino ndi zonyansa zake ndi izi

Ukangoyiyatsa koyamba GPS ya mathiraki siyamba ndi kukufunsa kuti ukupita kuti, imayamba ndi kukufunsa kuti ndiwe wamtali bwanji. Ine apa mpomwe ndinaona manyazi anga oyamba, chifukwa zaka zonsezi ndili pachiwongolero ndimangoti thiraki yanga ndi "mamita 4 penapake", ndipo kachipangizoka "penapake" sikamudziwa, kakufuna nambala yeniyeni ndi masentimita ake omwe. Ndinatsika nkukabwereka tepi kwa makaniko, ndi mmene tinayambira ubale wathu.

Dzina la kampani sinditchula, sindikugulitsa malonda a munthu ine komanso zina zomwe ndinene pano si zokoma. Pamsika zilipo zambiri, pali Garmin dēzl, TomTom GO Expert, Rand McNally, komanso ma app apafoni ngati Sygic Truck ndi CoPilot, zonsezi mfundo yake ndi imodzi yomweyo, nde zambiri zomwe ndikunenazi mukazipeza kulikonse komwe mungagule. Yanga ndi yoyima payokha, ya sikirini ya mainchesi 7, yomata pagalasi lakutsogolo. Ndinagula ndi ndalama zanga osati za bwana, nditatopa ndi app ina yapafoni imene inandilowetsa m'kamsewu kamkati mwa nyumba za anthu usiku, kumapeto kwake kuli kamlatho ka njanji koti ngakhale minibasi yonyamula katundu padenga ingaganize kawiri. App ija sinalakwe kwenikweni, inkaganiza kuti ndili pa kagalimoto kakang'ono. Ngakhale Google Maps imene tonse timaikonda ija sikufunsa msinkhu kapena kulemera kwa galimoto yako, inapangidwira magalimoto ang'onoang'ono, njinga ndi oyenda pansi basi.

Kusiyana konse kwagona pa chimene amachitcha profile. Umalemba msinkhu wa thiraki kuchoka pansi mpaka pansonga, mulifupi, mulitali, kulemera kwake konse, kulemera pa ekiselo iliyonse, kuti ukukoka mathirela angati, ndiponso ngati wanyamula katundu woopsa monga mafuta, gasi kapena makemiko. Ikatero imatenga manambala akowo nkuwayerekeza ndi zomwe zili m'mapu ake, msewu uliwonse womwe uli ndi malire ochepera pa iwe imaudumpha. Mophweka choncho. Mutha kusunga ma profile angapo, ya hosi yokha (mutu wa thiraki wopanda thirela), ya hosi ndi flatbed, ya kontena, ndipo kusintha kwake ndi kungodina kawiri. Kumbukirani mawu amenewa akuti kungodina kawiri, tibwererako.

Za chipangizo chenichenicho sindichedwapo. Sikirini imaoneka bwino ngakhale dzuwa likuswa mtengo, usiku imadzichepetsa yokha kuwala, mawu ndi okwera moti amamveka injini ikulira pachitunda. Mapu ali mkati momwemo, sifuna netiweki, nde kumalo koti foni yangoti zii iyo imapitirizabe kulankhula. Chonyansa ndi kachomatira pagalasi kaja, kukatentha kwambiri kamasiya, kawiri konse yandigwera pa dashibodi ndili pakona, mpaka ndinagula china chomangira ndi masikuluwu. Chingwe cha chaja nachonso nchachifupi ngati anayezera pa galimoto yaing'ono, kuiwala kuti kebini ya thiraki ndi chipinda. Ndipo mayi amalankhula mmenemo uja mayina amisewu amawatchula mwakemwake, pena ndimangoseka ndekha.

Tsopano pomwe imagwira ntchito yake. Mwezi woyamba womwe, ndikupita kukatsitsa katundu kufakitale ina komwe ndinali ndisanafikeko, inandichotsa pamsewu wowongoka bwinobwino nkundizungulitsa pafupifupi makilomita 9, ine mtima uli m'mwamba ndikuitukwana kuti dizilo ameneyu ulipira ndiwe? Pobwerera ndili hosi yokha ndinadutsa dala njira yachidule ija kuti ndione chomwe imathawa. Mlatho wa njanji, chikwangwani cha 3.8 m, ndipo pachitsulo chakutsogolo pali zipsera za utoto wamitundumitundu, woyera, wabuluu, wofiira, aliyense amene anamenyapo anasiya siginecha yake. Ndinangokhala chete. Tsiku limenelo lokha inabweza ndalama zake, chifukwa denga la thirela limodzi ndi ndalama zoti ungagule tizipangizo timeneti tambirimbiri, osawerengera katundu, inshuwalansi, ndi ntchito imene ikanathera pompo.

Imachenjezanso zinthu zina zoti galimoto yaing'ono sizisamala, kona yakuthwa, chitsetse chachitali, malo amphepo yam'mbali, msewu wopanikizika, mlatho wokhala ndi malire akulemera. Ya chitsetse ija ndimaikonda chifukwa imakuuza usanafike, nde umakhala utasankha kale giya ndipo retarder, yochepetsa liwiro osaponda buleki ija, ili tcheru, osati kuzindikira mabuleki atayamba kale kununkha. Malire a liwiro omwe imaonetsa ndi a thiraki osati a magalimoto ang'onoang'ono, ngakhale apa pena imaphonya. Imasonyezanso malo oimikapo mathiraki ndi masikelo. Bola kwambiri.

Koma ndikuuzeni za tsiku limene ndinatsala pang'ono kuchita manyazi a chaka, ndipo wolakwa ndinali ine mwini. Thirela yomwe ndimakoka kawirikawiri pamwamba pake ndi 1.35 m kuchoka pansi. Kontena wamba ndi mafiti 8 ndi mainchesi 6, ndiye kuti 2.59 m, mukaphatikiza zikubwera 3.94 m, ine mu profile ndinalemba 4.0 m kuti pakhale kampata. Tsiku limenelo anandikweza high cube. Amene mumanyamula makontena mukudziwa, high cube ndi mafiti 9 ndi mainchesi 6, 2.90 m, kusiyana kwake ndi fiti imodzi yathunthu, masentimita 30, ndipo ukaiyang'ana uli pansi wotopa dzuwa likulowa siioneka kusiyana kwenikweni pokhapokha uone timizere tachikasu ndi takuda m'makona mwake m'mwambamo. Ndinaiona ndithu, pamapepala inalembedwanso, koma mutu unali pa kuthamangira geti asanatseke. Profile sindinasinthe. Kungodina kawiri kuja sindinadine.

Nde GPS ikudziwa kuti ndine wa 4.0 m pomwe ndili 4.25 m, inanditenga mwaulemu wake wonse kupita nane pa mlatho wa 4.1 m, osachenjeza kanthu, chifukwa kwa iyo ndimakwana ndi masentimita 10 otsala. Chinandipulumutsa ndi chikwangwani chapamsewu, ndipo sindinganame kuti ndinachiwerenga mwanzeru, maso anangogwerapo, mutu nkuchita kaye masamu pang'onopang'ono ngati kompyuta yakale, 1.35 kuphatikiza 2.90, kenako mwendo unapita wokha pa buleki. Ndinaima patatsala mwina mautali awiri a thiraki. Kumbuyo kuli mzere wa magalimoto, mahutala, wina kutsitsa galasi nkundifunsa ngati laisensi ndinachita kugula, msewu wopapatiza woti sungatembenuke, ndinabwerera rivesi mtunda wautali ndithu mnyamata wina wapanjinga akundiimitsira magalimoto. Malaya ananyowa ngati ndagwa m'madzi. Chomwe chinandiopsa kwambiri nditakhala pansi usiku nchakuti zaka za m'mbuyomo ndisanagule kachipangizoka chikwangwani chimenechija ndikanachiona patali, chifukwa ndinkayenda maso ali pa chikwangwani chilichonse. Miyezi ingapo ya kuuzidwa zochita ndi mawu a mayi uja inali itandigonetsa tulo.

Ichi ndiye chilema chachikulu cha chinthuchi ndipo sichilembedwa pa katoni. Imadziwa milatho koma thiraki yako siidziwa, imangokhulupirira zomwe waiuza. Ndikanakonda ikanakhala kuti nthawi iliyonse ukaiyatsa kapena ukaima nthawi yaitali ikufunse mokakamiza kuti kodi msinkhu ukadali womwewu, usanadine isakupatse njira. Yanga imangoonetsa kachithunzi ka thiraki pakona, kakang'ono, koti sungakalabadire. Ku Britain lamulo limati galimoto ikapitirira mamita 3 msinkhu wake uzilembedwa m'kebini pomwe dalaivala akuuona, ndipo ine ndinatengera zomwezo ngakhale palibe anandikakamiza, ndili ndi kakhadi pa dashibodi komwe ndimalemba ndi choko nambala ya tsikulo ndisanatuluke geti. Ndikalemba pakakhadi ndimasinthanso mu GPS nthawi yomweyo, ziwirizi zimayendera limodzi.

Ndipo nambalayo muziyeza, osalota. Ndinagula ndodo yoyezera msinkhu, yotalikitsa ngati eriyo ya wailesi yokhala ndi kamkono pamwamba, ndi yotchipa kutalitali poyerekeza ndi GPS koma ndikanati ndisankhe chimodzi mwa ziwirizi ndikanatenga ndodo. Msinkhu wa thiraki si chinthu chokhazikika ayi. Thirela yomweyo ukaikoka ndi hosi ina imasintha chifukwa fifth wheel, pomwe thirela imakoleka pa hosi, sizifanana. Ukatsitsa katundu imakwera, makamaka ya masipuling'i, nde mlatho womwe unadutsa bwinobwino popita utalemedwa ukhoza kukumeta pobwerera uli empty. Ma airbag a suspension ukawakweza pa dock potsitsa kapena kukweza katundu nkuiwala kuwabweza wawonjezera masentimita angapo osadziwa. Matayala atsopano, tenti yotukumuka ndi mphepo, katundu wa pa flatbed yemwe wasuntha, mkono wa kireni kapena tipa yosatsika bwino, zonsezi GPS ilibe nazo maso. Yezerani pamalo athyathyathya, pansonga yeniyeni osati pomwe mukuganiza kuti mpapamwamba, kenako wonjezerani kampata. Ine pano ndimawonjezera masentimita 10 mu profile, ena amati zachuluka zimakuzungulitsa ulere, koma aliyense ndi mtima wake.

Palinso nkhani ya mafiti ndi mamita imene yapweteketsa anthu ambiri. Fiti imodzi ndi masentimita 30.48. Mafiti 13 ndi mainchesi 6, omwe ndi malire a msinkhu m'madera ambiri a ku America, ndi 4.11 m. Mayiko ambiri a ku Ulaya thiraki yodutsa malire amayiko imathera pa 4.0 m, ku South Africa ndi 4.3 m, pomwe ku Britain milatho yomwe amaiika chikwangwani ndi yochepera mafiti 16 ndi mainchesi 6, pafupifupi mamita 5, ndiye kuti kumeneko mlatho wopanda chikwangwani uyenera kukhala wokwana. Dziko lililonse ndi kayezedwe kake. Chipangizochi chimalola kusankha mafiti kapena mamita, chabwino, koma chimasintha zonse pamodzi, sungaone ziwiri nthawi imodzi, nde ngati chikwangwani chili m'mafiti iwe mutu wako uli m'mamita masamu uchita wekha uli pa liwiro. Pakakhadi kanga kaja ndimalemba zonse ziwiri. Chenjeraninso polemba, 13.6 ndi 13 mafiti 6 mainchesi si chinthu chimodzi.

Tikamadikira kulongedza, maola aja osatha aja, ndimakonda kuonera mavidiyo a mlatho wina wa ku Durham, North Carolina, ku America, pamsewu wa Gregson Street. Amaudziwa ndi dzina loti 11 foot 8 chifukwa mpata wake unali mafiti 11 ndi mainchesi 8, ndiye kuti 3.56 m, ena amautcha chotsegulira zitini chifukwa umasenda denga la thiraki ngati chitini cha nsomba. Bambo wina wogwira ntchito pafupi anaikapo kamera mu 2008 ndipo wajambula ngozi zoposa 100. Pamwamba pake pamadutsa sitima, pansi pa msewu pali paipi ya suweji nde kukumba kuti msewu utsike kunali kovuta. Anaika zikwangwani, anaika chitsulo chotchinga kuti mlatho usamavulale, anaika masensa oyeza msinkhu omwe amayatsa chikwangwani chowala komanso loboti yofiira, anthu kumangomenyabe. Mu October 2019 anaukweza ndi mainchesi 8 kufika 3.76 m, ndipo ngakhale pamenepo ena anapitirizabe kuumenya kkkk. Kale ndinkaseka kuti anthu amenewa ndi akhungu kapena, pano chisekereni changa chinachepa, chifukwa ndikudziwa mmene zimakhalira mutu ukakhala kwina. Ambiri mwa iwo ndi anthu obwereka thiraki ya tsiku limodzi posamuka nyumba, sanazolowere kuti pamwamba pa mutu wawo pali bokosi, koma ena ndi madalaivala enieni ngati ife.

Ku Melbourne kuli mnzake, wa pa Montague Street, mamita 3 okha, mpaka anapachika zolendewera patsogolo kuti thiraki yaitali izigunda kaye zimenezo imve phokoso isanafike pa mlatho, koma umamenyedwabe. Ku Boston msewu wa Storrow Drive mpaka dzina lake linasanduka mawu otanthauza kukakamira pansi pa mlatho. Ndipo ku Britain a Network Rail, oyang'anira njanji kumeneko, amanena kuti milatho yawo ya njanji imagundidwa pafupifupi kasanu patsiku, ndipo ukagundidwa kawirikawiri sitima zimaima kaye mpaka mainjiniya akaone ngati njanji sinasunthe. Ndiye si denga lako lokha, pamwambapo pakhoza kubwera sitima yodzaza anthu. Ukamenya mlatho wa njanji osathawa, pezani nambala yomwe imakhala pa mlathopo kapena imbirani apolisi nthawi yomweyo, ntchito itha kutha koma bola zimenezo.

Tibwerere ku chipangizo chathu, zolakwa zake zenizeni tsopano, zomwe si zanga. Choyamba mapu amakalamba. Msewu akauthira tala watsopano pamwamba pa wakale mpata wapansi pa mlatho umachepa ndi masentimita angapo, chikwangwani pena amasintha pena ayi, ndipo GPS imamva mochedwa kuposa onse. Ndinapeza mlatho wina chikwangwani chikuti 4.2 m iyo ikuti 4.4 m. Zikasemphana choncho ine ndimamvera nambala yaing'onoyo, ndipo ngati ndikukayikabe ndimaima, mahazadi, kutsika ndi ndodo yanga. Anthu ahute mmene angathere.

Chachiwiri, imakupatsa nambala imodzi pa mlatho umodzi, pomwe milatho ina ilibe nambala imodzi. Ya khomo lozungulira ija pakati mpokwera m'mbali mpotsika, thiraki yaitali iyenera kudutsa pakati penipeni, kutanthauza kudikira kuti zobwera kutsogolo zithe kaye. GPS sikuuza zimenezo. Zomwe zinachitika pa mlatho wa Skagit River pamsewu wa I-5 m'chigawo cha Washington ku America pa 23 May 2013 zinali za mtundu womwewu, thiraki ya abnormal, yonyamula katundu wopitirira muyezo, inali mu leni yakunja komwe zitsulo zam'mwamba zimapindikira pansi, katundu anagunda chitsulo, chigawo chonse cha mlatho nkugwera mumtsinje pamodzi ndi magalimoto awiri. Mwamwayi palibe anamwalira. Ndipo imeneyo inali ndi pemiti komanso galimoto yotsogolera yokhala ndi ndodo yoyezera, leni yokha ndi imene inasiyanitsa. Palinso milatho yomwe msewu umatsika nkukweranso pansi pake ngati mbale, hosi ikayamba kukwera matayala akumbuyo asanatsike, pakati pa thirela pamakwera kuposa msinkhu womwe unayeza, thirela ikatalika vutoli limakulanso. Izinso kachipangizoka sikawerengera, ngakhale mulitali unakauza.

Chachitatu ndi chomwe chimandikwiyitsa kwambiri. Pamisewu ikuluikulu ndi katswiri, koma ukangopatuka kulowa timisewu tating'ono, komwe kwenikweni kuli mavuto, nthawi zambiri ilibe chidziwitso cha mathiraki. Yanga imasintha kamtundu pa sikirini kusonyeza kuti msewu uno sindikuudziwa bwino, koma imakulowetsabe. Munthu wosadziwa amaona ngati poti sinachenjeze ndiye kuti kuli bwino, pomwe kukhala chete kwakeko kukutanthauza kuti palibe anapitako kukayeza. Ndipo zomwe zimatikola m'timisewu timeneti si milatho yokha, ndi mawaya amagetsi olendewera, nthambi za mitengo, denga la pa filling station, chitsulo chapageti la malo oimika magalimoto, mapaipi odutsa m'mwamba mkati mwa fakitale. Zimenezi m'mapu mulibe ndipo sindikuganiza kuti zidzakhalamo. Kilomita yomaliza imeneyo ndimaimbira foni komwe ndikupitako, ndipo sindifunsa wa mu ofesi chifukwa iye amabwera pa galimoto yaing'ono adzakuuza njira yake, ndimapempha mlonda wapageti kapena wa forklift, amenewo ndi omwe amaona komwe mathiraki amalowera tsiku ndi tsiku. Adiresi ya kampani kawirikawiri imakufikitsa ku reception, geti la katundu lili kuseri msewu wina.

Pa nkhani ya misewu yoletsedwa ndiipatsa theka. Zoletsa zokhazikika imazidziwa bwino ndithu, msewu woletsa mathiraki, mlatho wa matani akutiakuti, ma tunnel oletsa katundu woopsa. Ku Ulaya ma tunnel anawagawa m'magulu A mpaka E pansi pa malamulo a ADR onyamulira katundu woopsa pamsewu, A ndi yopanda choletsa E ndi yokhwimitsa kwambiri, ndipo ukalemba bwino katundu wako imakupewetsa yosayenera. Ku New York misewu yomwe amaitcha parkway mathiraki saloledwa ndipo milatho yake ndi yotsika kwambiri, GPS ya mathiraki sikulowetsako pomwe ya galimoto yaing'ono imakutengera komweko mosangalala. Koma zoletsa za nthawi ndi nkhani ina. Ku Germany thiraki yoposa matani 7.5 siyenda Lamlungu ndi masiku atchuthi kuyambira pakati pausiku mpaka 10 koloko usiku, ku London zoposa matani 18 zili ndi misewu yomwe siziloledwa usiku ndi kumapeto kwa sabata popanda chilolezo, mizinda yambiri padziko ili ndi maola ake oletsa mathiraki pakati pa tauni. Zoterezi pena imadziwa pena ayi, nde osaidalira, funsani ku ofesi kapena anzanu odutsako. Zongobwera mwadzidzidzi ndiye ayi ndithu, mlatho womwe auchepetsera matani sabata yatha chifukwa wang'aluka, msewu wokonzedwa, njira yapambali. Ndipo njira zapambali zimenezi ndi msampha woopsa, amene amaika zikwangwani zokhotetsa magalimoto nthawi zina saganiza za ife, iwe wachoka panjira yomwe GPS inakonza, iyo ikuwerengetsanso mwachangu, iwe ukuyang'ana sikirini mmalo moyang'ana kutsogolo. Ndikapatutsidwa choncho ndimatsitsa liwiro kwambiri nkubwerera ku machitidwe akale owerenga chikwangwani chilichonse.

Pa kulemera chenjerani ndi kusiyana kwa kulemera konse ndi kwa pa ekiselo, zikwangwani zake nzosiyana, china chimajambula ekiselo ndi matayala awiri. Ambiri mu profile amangolemba kulemera konse gawo la ekiselo nkulisiya mmene linabwerera kufakitale. Ndipo a abnormal inu, ichi si chanu kwenikweni, njira yanu ndi yomwe yalembedwa pa pemiti, GPS ikanena zina pemiti ndi imene ikulamula. Mutha kulowetsamo njira ya pa pemitiyo poika malo odutsamo ambirimbiri kuti isakupatutseni, zimatheka koma ndi ntchito yotopetsa pa sikirini imeneyi, zala zanga zazikuluzi zimadina zilembo ziwiri nthawi imodzi.

Vuto lina laling'ono koma lodya dizilo, pena imaopa zinthu zomwe kulibe. Pali msewu wina womwe mlatho wake anaugumula kalekale nkumanga wina wokwera, mathiraki onse amadutsa, iyo mpaka lero imandiletsa nkumafuna ndizungulire. Zikachuluka zoterezi munthu umayamba kuinyozera, ndipo tsiku lomwe udzainyozere ikunena zoona ndi lomwelo.

Ma update amabwera kudzera pa Wi-Fi, ndi aakulu, amatenga nthawi, musayambe mukufuna kunyamuka. Pogula funsani bwino ngati mapu ndi aulere moyo wonse wa chipangizocho kapena muzilipira chaka ndi chaka, komanso ngati mayiko omwe mumayendako ali ndi chidziwitso cha mathiraki osati mapu wamba chabe, chifukwa pali mayiko omwe mapu alipo koma za milatho ndi matani mulibe, pamenepo mwagula GPS ya galimoto yaing'ono pamtengo wa ya thiraki. Ili ndiye funso lofunika kuposa kukula kwa sikirini ndipo ogulitsa ambiri sadziwa yankho lake, muuzeni ayatse, mulembe profile ya 4.5 m, musankhe njira yomwe mukudziwa kuti ili ndi mlatho wotsika muone ngati iuthawe. Ikakudutsitsani pomwepo isiyeni pa shelefu.

App yapafoni kapena chipangizo choyima pachokha? Ndayesako zonse. App ndi yotchipa poyamba ndipo za kuchuluka kwa magalimoto pamsewu imadziwa msanga, koma foni imatentha padzuwa nkuzima, bwana akaimba mapu amabisika nthawi yomwe ukufuna kudziwa kokhotera, komanso kugwiragwira foni uli pachiwongolero ndi mlandu pawokha. Ine ndimasiya GPS itsogolere, foni ndimaonera zithunzi za satelaiti ndisananyamuke kuti ndione geti ndi malo otembenukira.

Pa nyenyezi 5 ndikuipatsa 3 ndi theka. Kwa dalaivala woyenda njira imodzimodzi chaka chonse siikuthandizani kwenikweni, milatho yanu mukuidziwa kale ndi mayina. Kwa amene mumatumidwa malo atsopano sabata iliyonse, kapena mwangoyamba kumene ntchitoyi, gulani, koma mugule ndi ndodo yoyezera tsiku lomwelo ndipo musatuluke geti musanaone profile. Theka lomwe ndachotsalo ndi la kachomatira pagalasi, nyenyezi yathunthuyo ndi ya timisewu tating'ono ndi mapu ochedwa. Mlatho wa 4.2 m uja ndinawalembera kudzera pa batani lawo lofotokozera zolakwika, ndi chithunzi cha chikwangwani chomwe, ma update awiri adutsa ndipo sabata yatha ndadutsanso pamenepo ndili hosi yokha, ikunenabe 4.4.